Akamawerenga pagulu, aliyense amaoneka wodziwa

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja, m'boma la Salima. M'kaundula mwanga muli ana opitirira 100. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma nambala imeneyo timangoimva pa misonkhano ya ku TDC, kumene aphunzitsi a m'dera limodzi timakumana. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pomwe ana a m'mapulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, makalasi a m'munsi sanapumepo.

Ndifotokoze za mlungu umodzi wa ntchito yanga yophunzitsa ana kuwerenga. Lolemba lake kunacha ndi dzuwa la Novembala, lija loti pofika 9 koloko malata ayamba kale kuthetheka. Mwezi unali kumdima, ndiye usiku wa Lamulungu usipa unaphedwa wambiri. Zikatero sindifunsa kumene kwapita ana okhala kumbuyo. Ali kudoko, akuthandiza amayi awo kuyanika pathandala, ena akutola wogwera pamchenga kuti apeze ya mandasi. Amene anabwera tinayamba nawo Chichewa, maphatikizo ovuta aja: nkha, ntha, mpha, ntcha.

Ife tinaphunzira a e i o u, kenako ba be bi bo bu, kutsata alifabeti mpaka kukafika pa z chaka chikutha. Ana a lero sayenda njira imeneyo. Ku Sitandade 1 amayamba ndi malembo amene amapezeka kwambiri m'Chichewa, a, n, i, k, u, m, e, t, o, ndipo aphunzitsi timangoti anikumeto. Phindu lake n'lakuti mwana akangodziwa malembo ochepa oyambirirawo amatha kuwerenga mawu enieni: ana, ika, imani, kumana. Njira imeneyi inayesedwa kuno ku Salima ndi ku Ntchisi pansi pa ndondomeko ya Maziko a Kuwerenga, ndipo mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme m'sukulu zonse za dziko lino. Aphunzitsi akale a m'zoni mwathu amanyadira zimenezi, amati ena onse anaphunzirira kwa ife.

Phunziro lililonse limayenda masitepe atatu. Ndiyambe ine ndekha ana akumvetsera, tichitire limodzi, kenako achite okha. Awiri oyambawo sandivuta. Vuto lili pa lachitatu, chifukwa "okha" wa ana 100 ndi kwaya basi. Zimakhala ngati nyimbo ya kumaliro: ochepa akuidziwa, ena onse akungotsatira milomo ya anzawo, koma wodutsa pamsewu amva kuti onse akuimba bwino. Lolembalo ndinalemba pabolodi kuti "Nkhanga yathawa m'munda." Anawerenga mokweza, bwinobwino. Ndiye ndinaloza ndodo pa mawu omaliza, m'munda. Kalasi yonse inakuwa kuti "Nkhanga!" Atsikana ochepa a kutsogolo okha ndiwo anaseka, poti anaona zimene ndachita.

Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kakafupi ndi kuyankha mafunso ake. Anthu akamva nambala imeneyi amaganiza kuti anawo sapita kusukulu. Ambiri amapita. Amakhala m'kalasi ngati yangayi, akukuwa "Nkhanga!" chaka chonse.

Lachiwiri inali nthawi yathu ya matabuleti. Sukulu yathu ili m'gulu la zimene zinalandira zipangizozi pansi pa BEFIT, ndondomeko imene boma linayamba mu 2023 mogwirizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Padenga pali masola, mu ofesi muli kabati yotchajira, ndipo timasinthana ndi makalasi ena. Mwana aliyense amalandira tabuleti ndi mahedifoni, maphunziro ake ali m'Chichewa, kuwerenga ndi masamu.

Amene sanaonepo sangakhulupirire kuti ana omwe aja angakhale chete chonchi. Umamva mbuzi ikulira kunja. Ndipo ndinene mosabisa, pali zimene tabuleti imachita zomwe ine sindingathe. Siitopa. Ikhoza kumutchulira mwana liwu la mb kangapo konse osakweza mawu, osayang'ana wotchi. Mwana sangabisale kumbuyo kwa mnzake, chifukwa funso likumufunsa iyeyo. Wofulumira amapita patsogolo, wochedwa amabwereza popanda womuseka. Pali kamtsikana kena kamene chitsegulireni sukulu mu Seputembala sindinakamvepo mawu. Nditaima kumbuyo kwake ndinaona kakusankha maphatikizo molondola, limodzi ndi limodzi, osaphonya. Pabolodi sindikanadziwa.

Koma ndinaonanso mnyamata wina akudina mayankho onse motsatana mpaka limodzi litavomera, n'kumwetulira ngati wapambana. Ndipo ngakhale amene akuchita bwino, ntchito yambiri ikugwiridwa ndi chala, pakamwa pali duu. Kuzindikira mawu pakati pa mawu atatu ndi chinthu china, kuwatchula wekha papepala popanda wokuuzira ndi chinanso.

Pa buleki tinakangana pansi pa mango. Aphunzitsi ena achikulire, amene atsala pang'ono kupuma ntchito, amati zinthu zimenezi zikuwononga ana, posachedwa sadzathanso kugwira pensulo. Mnyamata wongochoka kumene ku TTC, sukulu ya uphunzitsi, amati zaka zikubwerazi tabuleti izidzaphunzitsa yokha, ife tizidzangotchaja. Onse awiri sindigwirizana nawo, koma sindinalimbane nawo kwambiri, kunkatentha.

Lachitatu kunali maliro m'mudzi wapafupi. Theka la kalasi silinabwere, ifenso tinaweruka msanga kuti tikaonekere. Tinangobwereza za Lolemba.

Lachinayi ndilo tsiku limene ndimayesa kumva mwana mmodzimmodzi. Werengetsani nokha: mphindi imodzi yokha kwa mwana aliyense, ana opitirira 100, ndi maola pafupifupi awiri, ndipo nthawi yonseyo ena aja alibe wowayang'anira. Choncho ndimatenga ochepa pa nthawi ya phala, ndimakhala nawo pakhonde, ena akudya. Kuti ndizungulire kalasi yonse pamapita milungu yambiri. Pakhonde pamenepo ndi pomwe ndimadziwira zoona za ntchito yanga.

Ena malembo amawadziwa koma kuwaphatikiza kumawakanika. Amatchula m, amatchula a, koma ma satuluka. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi aja ooneka ngati afika. Mwana amawerenga "A-ta-te a-na-pi-ta ku-nya-nja u-si-ku," osalakwitsa ngakhale pamodzi. Ukamufunsa kuti atate anapita kuti, amakuyang'ana. Mphamvu zake zonse zathera pa kuphatikiza, pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala kumene anayambira. Chichewa chili ndi ubwino woti chimalembedwa momwe chimatchulidwira, kusiyana ndi Chingerezi, koma mawu athu ndi aatali. Mwana wa zaka 7 akakumana ndi "akanadzawathandiza" amakhala ngati wapatsidwa chiganizo chathunthu. Mankhwala ake si ena ayi, koma kuwerenga mobwerezabwereza mpaka diso lizolowere kugwira mawu onse nthawi imodzi, wina akumvetsera ndi kufunsa. Ndipo nthawi ndi yochepa, chifukwa pofika Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi. Amene sanakhazikike m'chilankhulo chake amangoyandama mpaka mayeso a MANEB ku Sitandade 8, ngati wafikako n'komwe.

Kuno kunyanja tilinso ndi ana amene kwawo amalankhula Chiyao, ndipo masana amapita ku madarasa. Ena poyamba amalemba kuyambira kumanja, monga amachitira ndi zilembo za Chiarabu. Aphunzitsi ena amadandaula nazo. Ine sindiona vuto, zimatha zokha pakapita milungu, ndipo ana amenewa amabwera akudziwa kale kuti chizindikiro cha papepala chimaimira liwu. Chimenecho ndi theka la ntchito.

Mnyamata wodina mayankho uja ndinamuyesanso tsikulo. Pa mawu khumi anawerenga awiri. Amayi ake amagulitsa zitumbuwa pageti, ndiye poweruka ndinawapatukira.

"Mayi, mwana wathuyu kuwerenga kukumuvuta."

"Ameneyu, Madamu? Foni yangayi amaidziwa kuposa ine. Akafuna filimu amaipeza yekha. Ndalama za bambo ake zikabwera amanditsegulira ndi iyeyu."

Sankanama. Anamupatsa mwanayo foni, ndipo zala zake zinathamanga. Koma nditamufunsa kuti awerenge zimene zalembedwa pamene wadinapo, anati, "Apa ndi pachitatu, Madamu, timadina pachitatu." Waloweza malo, mitundu ndi zithunzi. Ndi nzeru ndithu, koma si kuwerenga.

Bambo ake ali ku Joni. Ndinafunsa ngati amalemba mauthenga. Mayiwo anaseka. "Alembe chifukwa chiyani? Amangotumiza VN pa WhatsApp, tonse timamvera limodzi."

Apa ndi pamene ndimaona kuti dziko lasintha mwa njira imene sitiikamba kawirikawiri. Tili ana, kalata ikabwera kuchokera kwa amalume, agogo ankaitana mwana wa sukulu. Unkakhala pamphasa, akuluakulu atakuzungulira, ukuwerenga mokakamira, ndipo ukalakwitsa ankakubweza chifukwa nkhani ankaidziwa mbali ina. Poyankha ankakuuza zolemba. Mwana wodziwa kuwerenga anali ndi ntchito pakhomo, anali ndi ulemu wake. Lero uthenga umabwera ndi mawu a mwini wake. Mafilimu a m'mavidiyo sho pa tredingi senta ndi omasuliridwa kale m'Chichewa, palibe chowerenga pansi. Sindikudandaula kuti agogo akumva mawu a mwana wawo, n'zabwino zimenezo. Ndikungoti malembo achuluka kuposa kale, ali pafoni, pa mapaketi a sopo, pa zikwangwani za Mpamba ndi Airtel Money, kumbuyo kwa kabaza, koma chomukakamiza mwana kuwawerenga chachepa. Chimene chikusowa kwenikweni ndi munthu woti akhale pansi n'kumumvetsera.

Lachisanu masana tinali ndi msonkhano wa komiti ya sukulu pamodzi ndi amayi a mother group. Ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, ana a Sitandade 6 ndi 7 odziwa kuwerenga azitenga ana anga awiriawiri kapena atatuatatu, kanthawi kochepa tisanaweruke, aziwamvetsera. Izi zinadutsa mosavuta. Chachiwiri ndicho chinautsa fumbi: timabuku ta nthano timene tili mu kabati ya mu ofesi tizibwerekedwa, ana azipita nato kunyumba.

Ahedi anagwira mutu. "Madamu, mabuku amenewo ndinasainira ine. A PEA, alangizi a sukulu za m'zoni muno, akabwera kudzawerenga, ndidzati ali kuti? Mvula ili pafupi, nyumba zambiri zimadontha. Ena akakulungira usipa."

Mantha awo ndi omveka, ndipo mabuku sabwera chaka chilichonse. Koma buku lotsekeredwa mu kabati nalonso limatha, chiswe sichifunsa kuti anasainira ndani. Ndinanena zimenezo mwaulemu momwe ndikanathera.

Mayi wina wachikulire anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 1. Mdzukulu wanga akabwera ndi bukulo, ndidziwa bwanji kuti akuwerenga zoona?"

Ndisanayankhe, atcheya a mother group anamuyankha okha. "Inu simudziwa nthano? Akakuwerengerani kuti kalulu anakwera bwato n'kupita kumwamba, simumva kuti apa wasokoneza? Muzimuuza abwereze. Akamaliza atseke buku, akuuzeni ndi pakamwa zimene wawerenga." Sindikanatha kufotokoza bwino kuposa pamenepo. Ndinangoonjezera kuti uthenga wa ndalama ukalowa pafoni azimupatsa mwana awerenge mokweza asanadine, ndipo amene ali ndi abale kutali aziwapempha kuti nthawi zina alembe mizere iwiri ya mwanayo, m'Chichewa, m'malo mwa VN. Bambo wina wa m'komiti anati zimenezo n'zotheka, bola mwanayo asamawerenge mauthenga ena onse. Anthu anaseka nthawi yaitali.

Tinamaliza mogwirizana pakati. Ahedi analola timabuku 20 tokha, Sitandade 2 yokha, kubwereka Lachisanu kubweza Lolemba, m'jumbo ya pulasitiki. Amayi a mother group azilemba mayina m'kope lawo ndipo azilondola okha amene sanabweze, poti amadziwa khomo lililonse. Likasowa buku, wofunsidwa ndine. Ndinasaina. Tikaona mmene zayendera pofika Disembala, ndipo zikayenda bwino a Sitandade 3 adzayamba nawo teremu yachiwiri.