Chifukwa chake a kulabu timati "mubwere mkuja"

Achibale akandifunsa kuti kodi ku yunivesite kuja ukuphunzira chani, ndimati za tizilombo toyambitsa matenda, nde ambiri amangoti ooh ndiye kuti udokotala eti. Ayi, ife ndi aja a kulabu, amene mumatipatsira kabotolo ka makhololo kapena ka magazi pa kawindo kenako n'kukuuzani kuti zotsatira mubwere mkuja. Anthu amakwiya nako kudikirako ndipo ndimawamvetsa, munthu wachokera kutali, transipoti wachita kubwereka, mwana akutentha thupi. Koma chaka chino nditalowa mwenimweni mu bacteriology, phunziro la mabakiteriya, ndaona ndi maso anga zimene zimachitika kuseri kwa windo lija, ndiye ndati ndilembeko, makamaka kwa inu amene mwangoyamba kumene kosi imeneyi ndipo mayina a Chilatini akukulemetsani mutu.

Chaka choyamba sindichedwapo. Munali ma notsi ambirimbiri, Leeuwenhoek wa ku Delft amene anaona mabakiteriya koyamba m'ma 1670 ndi timagalasi topanga yekha, Pasteur, Koch, zigawo za selo, basi kuloweza n'kukalemba mayeso. Zonsezo n'zofunika ndithu koma kwa ine zinayamba kumveka tsiku limene tinayamba kupanga Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti aoneke mu maikulosikopu.

Njirayi anayambitsa ndi Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, mu 1884 ali ku Berlin, ndipo mpaka lero labu iliyonse ya bacteriology imayambira pomwepo. Umapaka sampulo pang'ono pa slide, kuumitsa, kudutsitsa pa moto, kenako crystal violet pafupifupi mphindi imodzi, kutsuka, iodine, kutsuka, kenako acetone kapena alcohol kwa masekondi ochepa chabe, n'kumalizira ndi safranin. Pa acetone m'pamene pagona nkhani yonse, ukachedwetsa dzanja ngakhale pang'ono tizilombo tofunika kuoneka pepo timaoneka pinki ndipo lipoti lonse lasokonekera pomwepo. Ukadontheza mafuta n'kutsitsa lens ya 100 umaona timadontho kapena tindodo, tina pepo tina pinki. Ta pepo ndi Gram positive, khoma lake la peptidoglycan ndi lochindikala nde limagwira utoto woyamba uja osautaya. Ta pinki ndi Gram negative, khoma lopyapyala koma tili ndi chikopa china kunja, ndipo chikopa chimenecho chimatchinga mankhwala ena, mwachitsanzo vancomycin sadutsapo. Ndiye mtundu umene ukuuona mu maikulosikopu si wokongoletsa ayi, ukukuuza kale mankhwala amene angagwire ndi amene sangagwire. Madzi a pamsana a mwana amene wauma khosi akabwera, iwe n'kuona timipira ta pepo tili tiwiritiwiri, umadziwa kuti mwina ndi pneumococcus ndipo umaimbira foni ku wodi nthawi yomweyo osadikira mawa. Alekichala athu amati Gram stain ndi limodzi mwa malipoti ochepa a bacteriology amene dokotala angalandire tsiku lomwelo, ndiye tisamalichite mothamanga ngati ntchito ya ana.

Kenako nkhani ya media, chakudya cha tizilombo. Kuphika media kuli ngati kuphika phala la mwana, ukaphonya muyeso sadya. Umayeza ufa wake pa sikelo, kusungunula m'madzi, kuika mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15, kudikira izizireko n'kuthira m'maplate pafupi ndi moto kuti fumbi lisagwere. Agar yeniyeniyo imachokera ku ndere za m'nyanja yamchere, ndipo amene anapereka nzeru yoigwiritsa ntchito ndi mayi wina, Fanny Hesse, mkazi wa Walther Hesse amene ankagwira ntchito ndi Koch, iye ankaigwiritsa ntchito kukhitchini. Dzina lake silitchulidwa kawirikawiri mkalasi koma popanda iyeyo bwenzi tikuvutikabe ndi gelatin imene imasungunuka kukatentha.

Media iliyonse ili ndi funso limene ikufunsa kachilomboko. Blood agar, imene timathira magazi a nkhosa, imafunsa kuti kodi umaswa maselo ofiira, ndipo ukayang'ana plate pa kuwala umaona ngati malo ozungulira colony, kamulu ka tizilombo tamera pamenepo, ayera mbee kapena abiriwira. Chocolate agar mulibe chokoleti, ndi magazi omwewo atenthetsedwa mpaka asanduka abulawuni kuti tizilombo tosankha zakudya monga Haemophilus ndi Neisseria tithe kumera. MacConkey imaletsa ma Gram positive ambiri kenako n'kufunsa otsalawo ngati amadya lactose, E. coli ndi Klebsiella amatuluka pinki, Klebsiella yo yonanda ukaikhudza ndi loop, kawaya kamene timadzalira tizilombo, pomwe Salmonella ndi Shigella amatuluka otuwa. TCBS ndi yobiriwira, siilowa mu autoclave umangoiwiritsa, ndipo Vibrio cholerae amamera wachikasu pamenepo chifukwa amadya sucrose.

Vibrio ameneyu sitinamuphunzire ngati nkhani ya m'buku, tonse mkalasi tinali titamuona ntchito zake. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unafika m'maboma onse, anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, mu January 2023 sukulu za mumzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Nde titafika pa mutu wa cholera toxin mkalasi munali zii, aliyense akumvetsera. Kachilomboka sikalowa m'magazi, kamangokhala m'matumbo aang'ono n'kumatulutsa poizoni amene amachititsa maselo kutaya mchere, madzi n'kumatsatira mcherewo, munthu amatha kutaya malita ambiri tsiku limodzi. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti khomo lina la m'matumbo, limene limalowetsa sodium pamodzi ndi shuga, poizoniyo salikhudza. N'chifukwa chake Thanzi ORS amagwira ntchito, shuga uja samuikamo kuti azikoma, ndi amene amakokera mchere ndi madzi kubwerera m'thupi. Kapaketi kamene timakaona ngati wamba kaja kali ndi sayansi yozama mkati mwake, ndipo ndimalakalaka aliyense atadziwa zimenezi kuti asamachepetse kapena kuonjezera madzi posungunula.

Tsopano kudikira kuja. Bakiteriya ndi chamoyo, sungamukakamize kukula. E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti mmodzi pa maola 8 wafika kupitirira 16 miliyoni, koma ngakhale iyeyo amafuna usiku wonse mu incubator pa madigiri 35 mpaka 37 kuti uone ma colony ndi maso. Magazi a wodwala amayamba alowa m'botolo la blood culture, botolo limakhala m'makina mpaka masiku 5, likalira, kutanthauza kuti makina aonetsa kuti mwamera tizilombo, ndiye Gram, kenako kudzala pa plate, mawa lake ma test ang'onoang'ono aja, catalase amene amachita thovu ukadontheza hydrogen peroxide, coagulase, oxidase, TSI, kenako usiku wina wa sensitivity, kuyeza kuti ndi mankhwala ati angagwire. Palibe amene wagona pa ntchito, masiku awiri atatu apita basi. Ndipo wotenga magazi akapanda kupukuta bwino pakhungu, chimene chimamera ndi Staphylococcus wa pakhungu amene alibe mlandu, masiku onsewo apita pachabe ndi botolo lodula. TB ndiye woposa onse, amagawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20, khoma lake ndi lamafuta moti Gram siimugwira bwino timachita kugwiritsa ntchito Ziehl-Neelsen, ndipo pa media ya Lowenstein-Jensen umadikira mpaka masabata 8 usananene kuti sanamere. GeneXpert, imene WHO inavomereza mu 2010, inasintha zinthu kwambiri chifukwa siidikira kuti kachilombo kakule, imangofufuza DNA yake ndipo pa maola awiri okha yakuuza ngati TB ilipo komanso ngati ikumva mankhwala a rifampicin kapena ayi.

Koma plate imene sindiiiwala ndi ya sensitivity. Njira yake imatchedwa Kirby-Bauer, umasungunula tizilombo m'madzi amchere mpaka tifanane ndi muyeso wa 0.5 McFarland, kupaka plate yonse ya Mueller-Hinton ndi swab, kuika timapepala tozungulira tonyowa ndi mankhwala osiyanasiyana, n'kusiya maola 16 mpaka 18. Mawa lake ngati mankhwala akugwira umaona bwalo loyera mozungulira kapepala, umaliyeza ndi rula mu ma milimita n'kuyerekeza ndi tebulo la CLSI kapena EUCAST, mabungwe amene amaika miyeso imeneyi, n'kulemba S ngati kachilombo kakumva mankhwalawo, I ngati kali pakatikati, kapena R ngati sikakumva. Anatipatsa Klebsiella wina pa pulakitiko, ampicillin R, cotrimoxazole R, gentamicin R, ceftriaxone R, tizilombo tamera mpaka kukhudza timapepala ngati palibe chimene chaikidwapo. Ine mtima unandiwawa chifukwa ndimadziwa kuti ceftriaxone ndiye jekiseni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwalitsa, ndipo kuseri kwa plate ngati imeneyo kumakhala munthu weniweni, nthawi zambiri kakhanda.

Ndipo izi si nkhani za kunja. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi Malawi-Liverpool-Wellcome chakhala chikuyeza ndi kusunga zotsatira za blood culture kuyambira 1998, ndi malo ochepa mu Africa muno amene ali ndi mbiri yaitali choncho. Zimene anapeza n'zakuti Klebsiella wa ESBL, amene amatulutsa enzyme yoswa mankhwala a gulu la ceftriaxone, anali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003 koma pofika 2016 anali atadutsa 90 pa 100, E. coli nayenso anachoka pansi pa 1 kufika pa 30. Komweko n'kumene anafufuza kwambiri Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, amene m'malo mongotsegula m'mimba amalowa m'magazi a akuluakulu amene ali ndi HIV ndi ana amene afooka ndi malungo kapena kunyentchera. Kenako kuyambira 2011 taifodi inakwera mwadzidzidzi mu Blantyre, mtundu wosamva chloramphenicol, ampicillin ndi cotrimoxazole, onse atatu nthawi imodzi. Chosangalatsa n'chakuti nkhaniyi sinathere pa kuwerenga odwala, mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa mu kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi, anaonetsa kuti amateteza pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu May 2023 katemerayu anaperekedwa dziko lonse. Ndikamawerenga mapepala amenewa n'kuona mayina a madera amene ndimakwerako minibasi, ndimamva kuti kosi imeneyi ndi yathu, sitikungobwereka za eni.

Mmene tizilombo timafikira posamva mankhwala ndi nkhani imene ndimafuna anthu kunyumba atamva bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti thupi la munthu ndi limene lazolowera mankhwala. Si thupi ayi, ndi tizilomboto. Ukamwa antibayotiki amapha tofooka n'kusiya tolimba, totsalato timaswana, komanso mabakiteriya amapatsirana timizere ta DNA totchedwa plasmid, ngakhale a mitundu yosiyana, ndiye E. coli wosalakwa wa m'matumbo mwako atha kupatsira mnzake woopsa nzeru yoswera mankhwala. Makapisozi awiri a amoxicillin ogula pa golosale chifukwa cha chimfine, chimene chimayamba ndi vayirasi ndipo antibayotiki sachikhudza n'komwe, Bactrim wogawana ndi aneba, mankhwala othira m'madzi a nkhuku za bizinesi, zonsezi zikuphunzitsa tizilombo. Fleming yemwe amene anatulukira penicillin mu 1928 anachenjeza kale za kumwa mankhwala osakwana pamene ankalandira mphoto ya Nobel mu 1945. Koma ine sindifuna kuloza chala mayi amene wagula makapisozi, chipatala chili kutali ndipo ndalama ali nayo ndi ya awiri okhawo. Ngakhale a kiliniko kumudzi amapereka mankhwala mongoganizira osati chifukwa cha ulesi, alibe labu yodzala tizilombo pafupi. Pamene pakufunika ntchito ndi pamenepo, ma labu ambiri okhala ndi media, magetsi osazimazima a incubator, ndi anthu ophunzira bwino oti aziwerenga ma plate.

Kwa inu a chaka choyamba, chimene chandithandiza ine n'kuyambira pa sampulo osati pa dzina la kachilombo. Tengani pepala lalikulu mulembe pamwamba mkodzo, magazi, chimbudzi, mafinya, makhololo, madzi a pamsana, kenako pansi pa chilichonse mujambule njira yake, ndidzala pa media iti, ndiyembekezera kuona chani, Gram ikati pepo ndipita test iti, ikati pinki ndipita iti. Mayina aja amabwera okha kumapeto kwa njira ndipo sachoka msanga m'mutu. Pa gulu la diskashoni muzifunsana motero, wina anene kuti mwana wa zaka 6 watentha thupi sabata yonse, botolo lalira, Gram negative rods, otuwa pa MacConkey, oxidase negative, enanu mupitirize. Pulakitiko musamajombe ngakhale imodzi, dzanja lodzala plate kuti ma colony atuluke payekhapayekha silibwera powerenga. Loop muzidikira izizire musanakhudze colony, dzina la sampulo muzilemba pansi pa plate osati pa chivindikiro chifukwa zivindikiro zimasinthana, ndipo mu incubator plate imalowa chozondoka kuti nthunzi isadonthere pa agar.