Zimene madzi a ku Inhambane anandiphunzitsa pa kaonedwe ka mbalame

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa chinthu chimene chinandisowetsa mtendere masiku 3 oyamba a ulendo wanga wa ku Inhambane, ku Mozambique, ndachimvetsa. Anzanga amene timaphunzira limodzi za mbalame mukudziwa kale za magalasi oonera patali ndi kafufuzidwe ka malo pa eBird, tsamba la pa intaneti limene anthu amalembapo mbalame zimene aona, choncho sindibwereza zimenezo. Malo ndinasankha abwino ndithu, ku Barra, kumene mitengo ya mangrove imamera m'matope a m'mbali mwa nyanja, ndipo ndinkafika mbandakucha monga mmene tinaphunzitsidwira. Komabe ndinkangopeza thope lokhalokha, mbalame zili kutali kwambiri moti zinkaoneka ngati timadontho.

Amene anandimasula ndi mayi wina wotola nkhono, amene analoza kunyanja n'kutchula mawu a Chipwitikizi akuti maré, otanthauza kukwera ndi kuphwa kwa madzi a m'nyanja yamchere, kenako n'kuloza kumwamba kundisonyeza pamene dzuwa liyenera kufika kuti ndibwerenso. Ndinabwerera dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene kwathu timati mbalame zabisala. Madzi anali akukwera pang'onopang'ono, akumiza matope aja, ndipo mbalame zinkasendera kumtunda zokha mpaka kufika pafupi ndi pamene ndinakhala. Ndinaona whimbrel ikulowetsa mlomo wake wopindikira pansi mu una wa nkhanu n'kuisolola. Terek sandpiper, ya mlomo wopindikira m'mwamba ndi timiyendo tachikasu, inkathamanga chowerama m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pambuyo pake panatera gulu la crab-plover, zoyera ndi zakuda, za milomo yonenepa, mbalame zimene zimaswera m'mauna a mumchenga cha ku Red Sea ndi Persian Gulf.

Ife tinakulira pa nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa, kumene madzi amakwera ndi dzinja n'kutsika ndi chilimwe, ndipo kakowa amene unamusiya dzulo pa bango umakamupeza pomwepo mawa. Nyanja yamchere imadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa madziwo amakokedwa ndi mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, madzi amakwera koposa ndi kuphwa koposa, ndipo akadzaza, mbalame zonse zimaunjikana pa timilu ta mchenga tochepa totsala poyera. Ndiye kuti gombe limodzi lomwelo likhoza kukhala lopanda kanthu m'mawa koma lodzaza masana, n'kusinthanso sabata yotsatira.

Kuyambira tsiku limenelo sindituluka ndisanaone ndandanda ya nthawi za madzi, ndipo ndimayesetsa kufika kutatsala maola awiri kapena atatu kuti nyanja idzaze. Ndikukhulupirira kuti ndandanda imeneyi imaposa buku, wotsogolera alendo ngakhalenso magalasi okwera mtengo, pakuti imachititsa kuti mbalame zikutsate iwe uli chikhalire.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha miyezi akutiloweza mayina a Chilatini ndi kutiuza kuti tizilawirira, koma za madzi a m'nyanja yamchere sanatchulepo ngakhale kamodzi, chikhalirecho mbalame zambiri zimene tinaloweza zimachoka kumpoto kwa Russia ndi Ulaya kudzakhala pa magombe amenewa kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Epulo. Pa masiku 7 amene ndinali nawo, atatu anangopita pachabe, ndipo tchuthi china sichili pafupi.

Pali chimene chikundikayikitsabe. Tsiku lomaliza ndinatsata ndandanda bwinobwino, koma kunali mphepo yamphamvu ndiponso asodzi ankakoka ngalawa pomwepo, ndipo mbalame zinabwera zochepa. Mwina ndafulumira kuitama njira imene ndaiyesa masiku 4 okha pa gombe limodzi, ndipo ndikufuna ndikaiyesenso ku Vilankulo, gombe lina la ku Mozambique komweko, ndisanaiphunzitse wina aliyense.