Opaleshoni ya mabere "yosasiya chipsera" imene mng'ono wanga anaiona pa Facebook

Ntchito yanga ndi yosoka zovala za amayi kuno ku Matawale, ndipo tepi yanga yazungulira zifuwa za akwatibwi ndi amayi a mvano osawerengeka, kotero sindidabwa mayi akamadandaula kuti mabere ake anagwa atayamwitsa ana atatu. Chimene chinandiimitsa makina ndi tsiku limene mng'ono wanga anabwera kudzayesa diresi, n'kundipatsira foni akuti, "Achemwali, taonani, masiku ano sakusiyanso chipsera." Unali uthenga wotsatsa malonda wa chipatala china cha kunja, wolonjeza njira yatsopano yokulitsira mabere, kuchira pa tsiku limodzi, ndi mtengo umodzi wophatikiza hotelo ndi galimoto yokutenga pabwalo la ndege.

Kathumba ka silikoni, kamene amakaika m'bere kuti likule, sikangalowe m'thupi popanda kucheka khungu. Dokotala amacheka kunsi kwa bere, m'mbali mwa pakuda pozungulira nsonga ya bere, m'khwapa, kapena pamchombo, ndipo amene amati njira yawo ilibe chipsera amangotanthauza kuti chipseracho achisunthira pamalo obisika. Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kwa ena mwa ife bala likapola limasiya chipsera chotupa ndi cholimba chimene madokotala amati keloid, ndipo pachifuwa ndi amodzi mwa malo amene chimakonda kutuluka. Ndachionapo kambiri poyeza anthu, china chachikulu ngati nthudza kumbuyo kwa khutu la mtsikana amene anangoboola kuti avale ndolo. Pa zithunzi zonse zimene mng'ono wanga anandionetsa panalibe mayi ndi mmodzi yemwe wa khungu ngati lathu.

Mawu amene amandikayikitsa kwambiri ndi akuti "yatsopano", chifukwa mbiri ya opaleshoniyi ndi yodzaza ndi zatsopano zimene zinayamba ndi nthungululu. Madokotala awiri, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, anaika timatumba toyamba ta silikoni mu 1962 ku Houston m'dziko la America, koma mu 1992 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala m'dzikolo, linaimitsa kugwiritsa ntchito timatumbati pongokongoletsa thupi chifukwa umboni woti n'totetezeka unali wosakwanira, ndipo linadzalolanso mu 2006. Ku France, kampani ya PIP inkadzaza timatumba take ndi silikoni wa m'mafakitale wosavomerezeka kuikidwa m'thupi la munthu, mpaka boma linatiletsa mu 2010 amayi zikwi mazanamazana atatiika kale, ndipo mwini wake, Jean-Claude Mas, anagamulidwa mu 2013 kukhala m'ndende zaka 4. Kenaka panali timatumba tokhakhala kunja, timene tinkatamandidwa kuti sitisuntha ndiponso timachepetsa vuto la kuuma kwa bere, koma mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timatumba take ta Biocell zitadziwika kuti tikukhudzana ndi khansa ina yosowa ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa BIA-ALCL. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo amayi amenewa nyererezo anazipeza patapita zaka.

Za njira ina yopopa mafuta pamimba n'kuwabaya m'mabere, imene amaitcha yachilengedwe, ndingonena kuti gawo lina la mafutawo thupi limalimeza, ndipo ena amauma n'kupanga timibulu timene tingasokoneze ojambula pofufuza khansa ya m'mabere.

Sindikunyoza mayi amene akufuna kusintha thupi lake, makamaka amene anachotsedwa bere chifukwa cha khansa ndipo akufuna kuumbidwanso. Dandaulo langa n'lakuti otsatsa amagulitsa tsiku la opaleshoni lokha, pamene FDA imanena mosabisa kuti timatumbati si tokhalitsa moyo wonse, ndipo kuyambira 2021 inalamula kuti pakhale chenjezo lalikulu ndi mndandanda wa zoopsa umene dokotala awerenge pamodzi ndi mayiyo asanam'cheke. Thupi limakuta kathumbako ndi mnofu wa chipsera, umene nthawi zina umalimba n'kufinya bere mpaka kupweteka. Kathumba ka silikoni kakhoza kuphulika mwiniwake osamva chilichonse, n'chifukwa chake amalangiza kujambulitsa ndi MRI kapena ultrasound pakatha zaka 5 kapena 6, kenaka zaka 2 kapena 3 zilizonse. Tsono munthu wokhala ku Chinamwali, bere likatupa usiku patapita zaka 7, adzakweranso ndege pa Chileka ndi ndalama zakunja zimene zikusowa chonchi? Adzathamangira ku Zomba Central, kwa dokotala amene sanaike kathumbako ndipo alibe kalata yonena mtundu wake.

Ndinamuuza mng'ono wangayo kuti awalembere n'kuwafunsa dzina la kampani yopanga timatumba tawo, kumene dokotala wawo analembetsa ntchito yake, ndi amene adzalipire opaleshoni yachiwiri zinthu zikavuta. Yankho linafika pa WhatsApp ndisanamalize n'komwe kulasa mapini mumpendero wa diresi lake. Anamutumizira zithunzi zina zisanu ndi lonjezo lomutsitsira mtengo akalipira chikole mwezi usanathe, koma pa mafunso atatuwo sanayankhe ngakhale limodzi.