Ku Champaign, kwa mnyamata wonyamula ayezi

Kuchoka ku Chicago kupita ku Champaign, sitima ya Amtrak imayenda maola awiri ndi kanthu. Pawindo palibe china choona koma minda ya chimanga, dziko lathyathyathya mpaka maso kutopa. Ndinkakaona mphwanga amene amaphunzira pa University of Illinois, ndipo ndisanapume n'komwe anati, "Achimwene, valani jekete, ndikakuonetseni Red Grange."

Ine ndimayesa mnzake wa m'kalasi. Ndinakapeza chiboliboli cha mkuwa kunja kwa Memorial Stadium, munthu ali paliwiro, mpira ataupanira m'khwapa. Mpira wawo ndi umenewo, wogwira ndi manja, koma amautchulabe football. Ndinasiya kutsutsana nawo.

Pa 18 October 1924, pamasewero a mwambo wotsegulira bwaloli mwalamulo, Illinois inakumana ndi Michigan. Grange anawakha mpira woyamba weniweniwo n'kuthamanga nawo mayadi 95 mpaka kukagoletsa. Pasanathe mphindi 12 anali atagoletsa ma touchdown anayi (zigoli zawo, zofika ndi mpira kumapeto kwa bwalo), ndipo Illinois inapambana 39-14. Chaka chomwecho nyuzipepala ya Chicago Tribune inayambitsa mphoto ya Silver Football, yopita kwa wosewera wopambana onse mu ligi ya makoleji ya Big Ten, ndipo woyamba kuilandira anali iyeyo. Mpaka lero imaperekedwa chaka ndi chaka, ovota ndi makochi a matimuwo. Dzina lokha ndiye lonama: Big Ten pano ili ndi masukulu 18, osati 10.

Chinandigwira mtima ndi china. Patchuthi Grange ankagwira ganyu yonyamula zibuma za ayezi kwawo ku Wheaton, kuzifikitsa khomo ndi khomo, nthawi imene mafiriji anali asanafale. Mphamvu za m'miyendo ndi m'mapewa ankati zinachokera kumeneko. Ndinayang'ananso chisoti chake, chachikopa, chopanda chotchinga kumaso. A masiku ano amavala ngati akupita kunkhondo.

Tinazungulira bwalolo mphepo ikubaya m'makutu. Pazipilala pake analembapo mayina a anthu a yunivesiteyi amene anafa pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mphwanga anafuna tikaonenso chiboliboli cha Dick Butkus, amene analandira Silver Football mu 1963, koma zala zanga zinali zitachita dzanzi.

"Butkus mawa, iwe," ndinatero. "Pano tikasake tiyi."