Kudyera limodzi m'Chingerezi: pamene "share" amafuna "with"

Chiganizo chakuti "Share me your food" chimapezeka kawirikawiri m'makalata ndi m'mauthenga a anthu amene akuphunzira Chingerezi, ndipo gwero lake ndi losavuta kulimvetsa. M'Chichewa timati "ndigawireko chakudya", ndipo kachidutswa ka -ir- kamene kali pakati pa mneniyo ndiko kamatiuza kuti pali wina amene akulandira. Chingerezi chilibe kachidutswa kotero. Mneni "give" amalola kuti wolandirayo amutsatire nthawi yomweyo, monga "give me some food", koma "share" salola zimenezi, amafuna "with" patsogolo pa munthuyo: "Share your food with me." Mukasiya "with", chiganizocho chimamveka ngati inuyo ndinu amene mukugawidwa.

Chimene ndimaona kuti chimasokoneza kwambiri ndi tanthauzo la "share a meal with someone". Ambiri amaganiza kuti anthuwo anadya m'mbale imodzi kapena anaduladula chakudya n'kugawana, pamene eni ake chilankhulochi amangotanthauza kuti anakhala pamodzi n'kudya, ngakhale aliyense anali ndi mbale yakeyake ndiponso anaitanitsa zosiyana. Cholinga cha mawuwa ndi kusonyeza kucheza ndi ubale, osati kugawa. Ngati chakudyacho chinalidi chimodzi n'kuchigawana, ndi bwino kunena mosabisa kuti "we shared one plate between us". Pamenepa aphunzitsi ena amaumirira kuti "between" ndi wa anthu awiri okha, ndipo atatu kapena ochulukirapo amafuna "among". Lamuloli ine ndimaliona kuti ndi lokhwima mopyola muyeso, chifukwa "between the four of us" ndi Chingerezi chabwinobwino chimene chimamveka tsiku ndi tsiku.

Palinso "break bread with", mawu odziwika kwambiri chifukwa cha Baibulo. M'Baibulo la King James la 1611, pa Machitidwe a Atumwi 2:46, okhulupirira oyamba akuoneka akunyema mkate kunyumba ndi kunyumba. Lero mawuwa satanthauza mkate weniweni, koma amalemerabe, ndipo amayenera polemba za anthu amene anali pa mkangano n'kukhala pansi kudyera limodzi, kapena m'mawu olankhulidwa pamwambo. Kuwagwiritsa ntchito poitana mnzanu wa kuntchito masana kumamveka ngati mukulalikira. Apo mumangoti, "Would you like to join me for lunch?"

Poitanira munthu kunyumba kwanu, kachidutswa kena kakang'ono sikayenera kusowa. Eni ake Chingerezi amati "We would love to have you over for dinner", ndipo ngakhale ena amasiya "over" n'kumvekabe, chiganizo cha "have you for dinner" chimapereka mpata kwa mlendo wanthabwala kufunsa ngati iyeyo ndiye ati aphikidwe.