Mvuu suiuza kuti isekerere

Loweruka usiku, Kasungu.

Khosi likuyabwa, nsapato zili bii ndi matope a m'dambo, koma ndilembe kaye ndisanagone, chifukwa mawa masana kuli chinkhoswe ndipo zonsezi zikhala zitauluka m'mutu.

Alamu anandiimbira Lachinayi kuti apeza alendo awiri, bambo ndi mkazi wake ochokera ku Holland, oti akawatenge pa chipata cha Mchinji pochokera ku Chipata. Anthuwa akhala ku Zambia masabata atatu, ntchito kungojambula nyama ndi mbalame, ndipo asanakakwere ndege ku Lilongwe anafuna tsiku limodzi ku Kasungu National Park. "Akufuna wowanyamulira zikwama, koma wodziwa kuti kamera siiponyedwa ngati thumba la mbatata. Ndiye ndaganiza za inu alamu." Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe pa boma pano. Ndinabadwira konkuno, koma m'pakimo ndinalowamo kamodzi kokha, tili Sitandade 7, pa lole, ndipo zomwe ndimakumbuka ndi fumbi ndi Sobo basi.

Tinanyamuka kusanache, chisanu cha July chikuluma zala. M'njira tinapatukirana ndi malole awiri a mabelo a fodya, ndikhulupirira a ku Chinkhoma. Pa geti la Lisitu, mlonda wa paki amene anatiperekeza anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, malaya a buluuwa mwavalira ndani? Mwaitana kashembe."

Ndinkayesa nthabwala. Kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu zimene amatchera m'tchire zokolera ntchentche zimenezi zimakhala za mitundu yomweyo. Ine ndinapita nditavala msampha. Ndipo kashembe si wongoluma, ndi amene amafalitsa matenda a kaodzera. Zaka zonsezi ndinkaona ngati azungu amavala khaki pofuna kudzionetsera ngati a m'mafilimu. Pepani azungu.

Tinafika pa damu la Lifupa dzuwa likungotuluka. Nkhungu inali itagona pamadzi ngati utsi wa makala osapsa, ndipo kuseri kwake kunkamveka mvuu, kulira kwake kuja kokhala ngati nkhalamba ikuseka m'mgolo. Mayi uja anatulutsa lenzi ya 600 mm, yaitali ngati munsi. Mtengo wake sindinafunse, koma alamu anandinong'oneza kuti galimoto yawo ingachepe. Ine ndinali ndi Canon yanga ya maukwati ndi lenzi ya 300 mm yobwereka. Nditangoitulutsa m'jekete momwe ndinaifunditsa, ndinapumira pagalasi mosadziwa, lonse linachita mbuu, ndipo kuwala kokoma kuja, kofiirira ngati uchi, kunandidutsa ndikupukuta ndi mpango.

Kenako tinakhala pansi. Basi.

Apa ndiye pamene panandivuta, ndipo ndi pamene ndakhala ndikuganiza tsiku lonse. Pa ukwati wolamula ndine. "Akwati sunthani pang'ono. Ankhoswe bwerani kutsogolo. Agogo yang'anani kuno. Tonse tisekerere!" Anthu 200 amandimvera ngati ndine mfumu. Pa Lifupa palibe amene anandimvera. Mvuu zinangotulutsa mphuno ndi timakutu, kupuma, n'kumiranso. Mvuu imatha kukhala pansi pa madzi mphindi ngati 5, ndipo ikamavuuka siivuukira pamene unaloza lenzi, imatulukira kwina. Usiku wonse imakhala ili kumtunda kudya udzu, ndiye masana ndi nthawi yake yogona, ilibe nawe ntchito. Mayi uja anakhala pa kampando kake maola atatu, diso pa kamera, osayankhula, osayang'ana foni. Ine mwendo unachita dzanzi kawiri. Mlonda ataona ndikutembenukatembenuka anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene." Ndinamuyankha kuti nkhono imaposa mvuu, chifukwa siikhala m'madzi. Anaseka chamumtima, mfuti ili pamwendo.

Cha m'ma 8 koloko panatera nantchengwa m'mphepete mwa madzi, n'kuyamba kupondaponda matope kusaka achule. Ine sindinakweze n'komwe kamera. Nantchengwa? Amene amadzaza m'madimba mwathu, amene agogo ankatiopseza kuti ukapasula chisa chake uona malodza? Koma bambo uja anagona chafufumimba pa udzu wonyowa, n'kumujambula ngati waona Papa. Atadzuka anandionetsa pa kamera yake chimbalame china chotuwa, chachitali kufika pachifuwa cha munthu, mlomo wake ngati nsapato yamatabwa. Amachitcha shoebill. Ndicho chinawachotsa ku Ulaya. Anapita mpaka ku madambo a Bangweulu, kumpoto kwa Zambia, masiku anayi ali m'bwato lopalasa ndi nsungwi, pena kutsika n'kumayenda m'madzi ofika m'chiuno, kuti achione chitaima duu pakati pa gumbwa kudikira mlamba. Ndiye anandiuza chinthu chimene chinandiseketsa: akatswiri atafufuza anapeza kuti wachibale wapafupi wa chimbalame chimenechi ndi nantchengwa yemweyu, ndipo onse awiri ndi a mtundu umodzi ndi vuwo. Kutanthauza kuti munthu wawoloka nyanja kudzaona msuweni wa mbalame imene ife timaithamangitsa ndi legeni.

Anthu awa tchuthi chawo chonse chimathera m'matope. Anandiwerengera: Okavango ku Botswana, kumene mtsinje sufika kunyanja koma umangomwazika mumchenga wa Kalahari, malo amene UNESCO inawalemba mu 2014 kukhala a nambala 1,000 pa mndandanda wake wa malo ofunika kusamalidwa pa dziko lonse. Pantanal ku Brazil, dambo loposa dziko lathu lonse kukula, kumene anthu amakwera boti n'kumajambula jaguar, nyama yonga kambuku. Ndinafunsa chifukwa chake amakonda madambo, pomwe kuli udzudzu, kulibe misewu. Mayi uja anayankha mwachidule kuti m'nkhalango nyama umaisaka, koma pa madzi imabwera yokha, makamaka chilimwe, komanso palibe mitengo yotchinga kuwala. Ndinaona kuti akunena zoona, chifukwa m'tchire la miombo lomwe tinadutsa, mitengo ili thithithi, ndinangoona mchira wa njiri ukuthawa, uli njo ngati eriyo ya wailesi.

Nanenso sindinafune kuoneka wopanda kwathu. Ndinawauza za nyanja ya Chilwa ku Zomba, imene inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1996, ndi Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire imene inalowa mu 2017, komanso Vwaza ku Rumphi. Analemba m'kabuku. Sindinawauze kuti malo onsewo ine ndimangowadziwira m'buku la Social Studies.

Nkhwazi inandipweteka mtima. Inali pa mtengo wouma tsidya lina kuyambira m'mawa. Bambo uja anandithandiza kukonza kamera, shutter pa 1/2000, kuti mapiko asachite chizirezire, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana ikawerama mutu. Ndinailondera pafupifupi ola lathunthu. Ndiye kashembe anandibaya pakhosi, ululu wake ngati singano yamoto, ndinadzimenya mbama, ndipo nthawi yomweyo ndinamva kamera ziwiri zija zikulira trrrrr ngati makina osokera. Pokweza maso, nkhwazi inali ikubwerera ku mtengo wake, nsomba ili lendee ku zala. Chithunzi changa chili ndi madzi okhaokha ndi kansonga ka phiko pakona. Ndachisunga.

Nkhomaliro inali buledi ndi mazira owiritsa. Palibe chonena.

Njovu zinabwera 2 koloko itadutsa. Sindinazimve. Ichi ndiye chinandidabwitsa, chinthu chachikulu ngati nyumba kuyenda osaswa ngakhale kamtengo. Mlonda anangondigwira paphewa n'kuloza ndi mlomo. Zinatuluka m'tchire mondondozana, zazikazi ndi ana, kamodzi kakang'ono koti chitamba sikanachidziwe bwino, kankangochiponya uku ndi uku kenako n'kugwada kumwa ndi pakamwa. Manja anga ankanjenjemera, koma zithunzi zinatuluka. Chimodzi ndi chabwino kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo: mayi wa kamwanako wakweza chitamba, madzi akudontha, dzuwa likuwawalitsa ngati mikanda.

Paki imeneyi, imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, inali ndi njovu zoposa 1,000 kale, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka zinatsala ngati 50 chabe pofika 2015. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pa malole. Tonse a ku Kasungu timakumbuka. Alendo aja nkhaniyi ankaidziwa bwino kuposa ine, koma ankaidziwa mbali imodzi.

Mbali inayo tinakaipeza pobwerera. Ndinapempha alamu kuti tipatuke pang'ono ndikapereke shuga kwa azakhali, amene mudzi wawo uli kufupi ndi malire a paki. Tinawapeza akuchokera kudimba, khasu paphewa, ndowa m'manja. Titapatsana moni, ine ndi chimwemwe changa ndinawaonetsa chithunzi chija.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chakongola. Ndiye iweyo mwana wa achimwene, wapita kukajambula akuba anga akumwa madzi?"

Anatitsogolera kudimba. Dambo lake ndi ngati lomwe lija la ku Lifupa, dothi lakuda lomata, bango, akakowa, madzi osaphwa ngakhale mu Okutobala. Kusiyana kwake n'kwakuti ili lili ndi mizere ya mpiru, tomato, chimanga cha kudimba ndi nzimbe. Kapena ndinene kuti linali ndi nzimbe. Anatiloza mapazi m'matope, aakulu ngati beseni, madzi atadikhamo. Anati sabata yatha anthu anachezera usiku wonse kuimba zitini ndi kuyatsa moto, ena kufukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola, koma njovu yanjala ikalawa nzimbe siimva chitini. Sanakweze mawu. Ankafotokoza ngati mmene munthu amanenera za mvula ya matalala. Chimene chimawaopsa kwambiri, anatero, si nzimbe, koma adzukulu amene amalawirira kusukulu kudakali mdima.

Ndinamasulira zonse m'Chingerezi, ndipo ndinaona mayi wa ku Holland uja nkhope itagwa. Ndisamunamizire, sanali munthu wouma mtima. Koma ndinazindikira kanthu kena pamene ankandionetsa zithunzi zake za ulendo wonse m'galimoto. Bangweuluyo ndi dambo lokhala anthu masauzande ambiri, asodzi ndi mabanja awo, ndipo ngakhale amene ankapalasa bwato lawo ndi mwana wa komweko. Koma pa zithunzi mazanamazana zija munalibe munthu ngakhale mmodzi. Lenzi yaitali ili ndi khalidwe limenelo, imatola mbalame n'kufufuta zonse zoizungulira. Sindikuwaweruza, inenso pa ukwati ndimasuntha kuti chimbudzi cha tchalitchi chisaoneke kumbuyo kwa akwati. Kungoti lero zimene zinali kunja kwa chithunzi changa chokongola zinali nzimbe za azakhali anga.

Bambo uja anapempha ngati angajambule azakhali ataima pafupi ndi mapazi a njovu. Azakhali anakana kwamtuwagalu. Osati chifukwa cha mkwiyo ayi. "Ndi chitenje chimenechi? Akaonetse kwawo kuti ku Malawi kuli amisala?" Tinadikira mphindi 20, dzuwa likupendeka, alendo akuyang'ana kumwamba mwankhawa poona kuwala kukutha. Anatuluka atavala chitenje cha Mvano ndi duku yoyera, nkhope atadzola mafuta, n'kukaima chilili pakati pa nzimbe zothyoka, manja m'mbali ngati msilikali. Bambo uja ndi lenzi yake ya mbalame anachita kubwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'ngalande. Pamenepo ndiye panali pa ine tsopano. Ndinasintha lenzi, kuika ya maukwati ija, n'kugwada.

"Azakhali, sekererani pang'ono."

"Ndisekerere chiyani? Jambula."

Ndinajambula.

Tafika pa boma mdima utagwa. Alendo andipatsa kangachepe, komanso mayi uja wandisiyira kansalu kopukutira lenzi ndi malaya ake amodzi a khaki, akuti ndisadzapitenso ndi a buluu. Mayi a kunyumba aona chotupa pakhosi ndipo alamula kuti ndikangomva kutentha thupi kapena mutu, ndipite kuchipatala ndikanene kuti ndinali kupaki, ndisangogula mankhwala a malungo pa golosale. Ndavomera.

Ndatsitsa zithunzi pa kompyuta, zilipo 412. Za mvuu zonse ndi timakutu. Ya njovu ija ndaiika pa WhatsApp ndipo anthu ayamba kale kufunsa ngati ndi ku South Africa. Ya azakhali sindinaiike. Anandiuza kuti ndikaitsukitse pa pepala lalikulu, ndiike m'felemu, ndipo ndibwere nayo pamodzi ndi mbewu ya tomato. Batire ili pa moto, magetsi asazime.