Sabata ya pistoni yosungunuka

Lolemba m'mawa ndinapeza ma snowmobile asanu (makina onga njinga zamoto oyenda pa chipale chofewa) ali pamzere panja pa galaja, chipale chofewa chitawakwirira mpaka m'mipando. Kuno kumpoto kwa Wisconsin, ku America, Januwale ndiye nyengo yathu yokolola. Mpikisano waukulu wa ma snowmobile wa m'tauni ya Eagle River, womwe unayamba mu 1964, umachitika mwezi uno, ndiye aliyense amabwera mtima uli m'mwamba.

Ndinayambira pa Polaris Indy 500 yakale ya bambo wina wachikulire amene amangoyenda nayo m'tinjira ta m'nkhalango. Inamuzimira pakati pa ulendo. Nditatsegula injini, pistoni imodzi inali itasungunuka m'mphepete cha ku ekizozi, timadontho ta aluminiyamu titamatirira pa pulagi.

"Ingosinthani pistoniyo, basi," anatero bamboyo.

Ndinawakanira mwaulemu. Pistoni sipsa popanda chifukwa. Injini ya mtundu umenewu, ya two-stroke, ikamayamwa mpweya pamalo olakwika, petulo amachepa, moto umakula, chitsulo n'kuyamba kusungunuka. Ndinatseka mabowo onse, n'kupopera mpweya m'kati, kenako ndinapaka madzi a sopo monga timachitira pofuna pamene chubu cha njinga chabooka. Thovu linatumphuka pa seal ya crankshaft, kalabala kotchinga mpweya pa chitsulo chozungulira cha injini, kuseri kwa kilatchi. Labala wake anali atauma gwa ngati chikopa chapadzuwa. Tikanangoika pistoni yatsopano, ikanapsanso asanafike patali, ndipo kuno ikakuzimira m'nkhalango usiku, kuzizira kokhako kungakuphe. Lachiwiri lonse linathera pamenepo.

Lachitatu ndinatsuka makabyuleta a Mikuni. Petulo wosakaniza ndi ethanol akagona m'menemo chilimwe chonse amasanduka phala lobiriwira. M'bokosi la mpweya la snowmobile ina ya Ski-Doo ndinapezamo chisa cha mbewa, chodzaza ndi nthanga. Kwathu zikanathera pa kamtengo ndi mchere, kuno ndinangozitaya.

Lachinayi kunabwera mnyamata wochita nawo mpikisano m'gulu la makina akale. Awa ndi anthu ena. Bwalo lawo ndi la madzi oundana, amangokhotera kumanzere, ndiye tinakhalira kumanga timisomali takuthwa pa lamba wapansi ndi kusintha ma carbide, tizitsulo tolimba ta pansi pa ma ski (mapazi otsetsereka akutsogolo), kuti isatereke pokhota. Pa kilatchi tinasintha zolemera ndi sipuling'i kangapo, kufuna kuti injini izikhala pomwe ili ndi mphamvu zonse. Mkangano unabuka pa ma jet, timabowo todutsira petulo m'kabyuleta. Iye amafuna aang'ono kuti izilira bwino. Ine ndinamusonyeza kuti Loweruka kuzizira kwambiri, ndipo mpweya wozizira ndi wothinana, umafuna petulo wambiri. Ndinatenga pistoni ya bambo uja pashelefu n'kumuikira m'manja. Anaitembenuza kawiri, osayankha. Tinaika ma jet okulirapo ndi sitepe imodzi.

Lachisanu madzulo ndinakayesa Indy ija kuseri kwa galaja, zala zitachita dzanzi ngakhale ndinali ndi magolovesi. Ndinaithamangitsa, n'kuizimitsa ili paliwiro, ndi kumasula mapulagi. Onse awiri anali ofiirira ngati tiyi wamkaka, monga zimafunikira. Bamboyo atabwera anadandaula pang'ono za bilu, ndipo anafunsa ngati angatenge pistoni yakaleyo. Ndinawapempha kuti andisiyire. Ndaiika pashelefu pomwe paja, pafupi ndi bokosi la ma jet.